Kuyeza magazi pofufuza ngati khansa ya m'kamwa yabwerera: umboni ulipowu uthandiza bwanji Machinga ndi Balaka?

Munthu akachitidwa opaleshoni yochotsa khansa ya m'kamwa, ntchito imakhala isanathe. Mwa odwala amene khansayi imawabwerera, ambiri imawabwerera m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo kawirikawiri imatulukira pomwe panali chotupa paja kapena m'anabele a m'khosi. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la National Comprehensive Cancer Network la ku America amati wodwala azionedwa pakatha mwezi umodzi mpaka itatu m'chaka choyamba, miyezi 2 mpaka 6 m'chaka chachiwiri, ndi miyezi 4 mpaka 8 kuyambira chaka chachitatu kufikira chachisanu. Chovuta n'chakuti m'kamwa mopangidwa opaleshoni mumakhala zipsera ndi minofu youma, moti ngakhale dokotala wodziwa ntchito yake amavutika kusiyanitsa chipsera ndi chotupa chimene chikuphukanso.

Kuyambira cha mu 2015, ofufuza ku America ndi ku Ulaya akhala akufalitsa zotsatira zoonetsa kuti magazi angaulule kubwerera kwa khansa miyezi ingapo diso la dokotala kapena makina ojambula asanaone kanthu. Nkhaniyi si yaing'ono, poti malinga ndi ziwerengero za GLOBOCAN, m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 390,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya milomo ndi m'kamwa, ndipo pafupifupi 188,000 anamwalira nayo. Kauniuni uyu akuyang'ana malipoti atatu a kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pankhaniyi, powawerenga m'maso mwa wodwala wa ku Machinga kapena ku Balaka. M'maboma awiriwa, kalembera wa mu 2018 anapezamo anthu 735,438 ndi 438,379. Chigamulo chake n'chakuti sayansi ya m'malipotiwa ndi yolongosoka, koma chimene anayeza ndi masiku amene magazi amatsogolera matenda. Phindu la masiku amenewo limadalira zimene chipatala chingachite mkati mwake, ndipo funso limeneli malipotiwa sanalifunse.

Zimene zimayezedwa m'magazi

Maselo akafa, kaya abwinobwino kaya a khansa, amasweka n'kutaya tizidutswa ta DNA m'magazi. Tizidutswati sitikhalitsa, theka lake limakhala litachoka pasanathe maola atatu. Apa ndiye pagona mphamvu ya njirayi. Chotupa chikachotsedwa chonse, DNA yake iyenera kuzimiririka m'masiku ochepa, ndipo ikapezekabe kapena ikayambanso kuoneka, ndiye kuti pena pake patsala maselo a khansa.

Kuizindikira DNA imeneyi ndiye ntchito, chifukwa yochokera ku chotupa chaching'ono imamira mu DNA yochuluka yochokera ku maselo oyera a m'magazi. Pali njira ziwiri zazikulu. Ngati khansa inayambitsidwa ndi kachilombo, monga HPV, ofufuza amasaka DNA ya kachilomboko, imene ndi yofanana mwa odwala onse. Ngati palibe kachilombo, amatenga chotupa chimene chachotsedwacho, n'kuwerenga majini ake kuti apeze zolakwika zimene zili m'chotupacho chokha, kenako n'kupanga choyezera cha munthu mmodzi yekhayo. Njira yoyamba ndi yosavuta. Yachiwiri imafuna labotale yowerenga majini, akatswiri a kompyuta ndi masabata angapo.

Zimene malipoti atatuwa anapeza

Lipoti loyamba linatuluka mu 2015 m'magazini ya Science Translational Medicine, lolembedwa ndi Yuxuan Wang ndi anzake a ku Johns Hopkins University. Anayeza malovu kapena magazi a odwala 93 a khansa ya m'kamwa, kukhosi ndi kholingo. Mwa odwala khansa ya m'kamwa mwenimweni, DNA ya chotupa inapezeka m'malovu a onse, pomwe m'magazi inapezeka mwa 80 pa 100 alionse. Pa kubwerera kwa matenda, lipotili lili ndi odwala ochepa chabe: mwa atatu DNA inaoneka m'malovu khansa isanaonekere, ndipo mwa asanu amene khansa sinawabwerere simunapezeke kanthu.

Lachiwiri ndi la Bhishamjit Chera ndi anzake a ku University of North Carolina, lofalitsidwa mu 2020 mu Journal of Clinical Oncology. Anatsatira odwala 115 a khansa ya kukhosi yoyambitsidwa ndi HPV. Odwala 87 amene magazi awo sanaonetsepo DNA ya kachilomboka atalandira chithandizo, palibe ndi mmodzi yemwe amene khansa inamubwerera. Mwa 16 amene magazi awo anaonetsa DNA kawiri motsatizana, 15 anapezekadi kuti khansa yabwerera. Nthawi yapakatikati imene magazi anatsogolera chitsimikizo cha ku labotale inali miyezi 3.9.

Lachitatu, lotchedwa LIONESS, ndi la Susanne Flach ndi anzake a ku Munich m'dziko la Germany, ndipo linatuluka mu 2022 mu British Journal of Cancer. Ili ndilo layandikira kwambiri odwala a m'dziko lino, chifukwa linatenga anthu ochitidwa opaleshoni amene zotupa zawo sizinkaonetsa chizindikiro chogwirizana ndi HPV. Mwa odwala 17, asanu khansa inawabwerera, ndipo mwa asanu onsewo magazi anaulula masiku 108 mpaka 253 madokotala asanaione.

Malipotiwa ndi oyenera kuyamikiridwa. Njira zawo zinafotokozedwa momveka, magazi anatengedwa mwandondomeko matenda asanabwerere, ndipo a Chera anachita bwino kufuna kuti magazi aonetse kawiri asananene kuti pali vuto, popeza mwa odwala ena DNA inkaoneka kamodzi n'kuzimiririka yokha. Owerenga adziwenso kuti ena mwa olemba lipoti la LIONESS anali ogwira ntchito ku Inivata, kampani yopanga choyezeracho, ndipo ena mwa olemba la ku North Carolina ali ndi gawo m'kampani ya Naveris. Olembawo anaulula okha zimenezi. Sizikufafaniza zotsatira, koma zikukumbutsa kufunika kwa kafukufuku wina wochitidwa ndi anthu opanda phindu pa malondawo.

Pomwe umboniwu ukuperewera

Choyamba, lipoti lokhala ndi odwala ambiri komanso zotsatira zogwira mtima silikunena za khansa ya m'kamwa. Khansa ya kukhosi, komwe kuli matonsilo ndi tsinde la lilime, ndi yosiyana ndi ya lilime, usinini, masaya kapena pansi pa lilime. Kafukufuku wa Xavier Castellsagué ndi anzake wa mu 2016, amene anapima zotupa 3,680 za m'maiko 29, anapeza kuti HPV inayambitsa zotupa 22.4 pa 100 zilizonse za kukhosi, koma 4.4 zokha pa 100 za m'kamwa. Khansa ya m'kamwa imayenderana kwambiri ndi fodya, wosuta kapena woika m'kamwa, ndi mowa. Choncho choyezera chosaka HPV chinganene kuti magazi ali bwino mwa pafupifupi wodwala aliyense wa khansa ya lilime, ngakhale chotupa chikukula. Nkhani zambiri zofalitsa zotsatirazi zimaphatikiza matenda awiriwa pa dzina limodzi, ndipo wowerenga wosasamala amatenga ziwerengero za matenda ena n'kuziveka ena.

M'dziko lino mawu akuti chotupa cha m'kamwa amakuta matenda ambiri kuposa pamenepa. Khansa ya Kaposi imakonda kutuluka kumwamba kwa m'kamwa mwa anthu amene ali ndi HIV, ndipo khansa ya Burkitt imatupitsa nsagwada za ana. Matenda amenewa ali ndi magwero ake ndi chithandizo chake, ndipo malipoti atatuwa sakuwakhudza.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa odwala. Kunena kuti choyezera chinagwira asanu mwa asanu kumamveka ngati 100 pa 100, koma masamu a ziwerengero amaonetsa kuti pa gulu laling'ono chonchi, choyezera chimene chimagwira odwala 48 okha pa 100 chikhoza kupereka zotsatira zomwezo mwamwayi. Asanu a ku Munich ndi atatu a ku Johns Hopkins akukwanira kuonetsa kuti njirayi ndi yotheka. Sakukwanira kuuza unduna wa zaumoyo kuchuluka kwa odwala amene choyezerachi chingawaphonye.

Chachitatu chikukhudza khalidwe la khansa ya m'kamwa. Mu 1953 Danely Slaughter anafotokoza kuti zinthu zowononga sizilasa malo amodzi, zimayipitsa khungu lonse la m'kamwa, moti chotupa chachiwiri chimatha kuphuka pena posachokera ku choyamba chija. Choyezera chopangidwa potengera zolakwika za chotupa choyamba chimasaka chotupa chomwecho. Chatsopano, chokhala ndi zolakwika zakezake, chikhoza kudutsa osaoneka. Wodwala amene wauzidwa kuti magazi ake ali bwino, n'kuona kuti palibe chifukwa chowonongera ndalama pa ulendo wa kuchipatala, ndiye amene angavulale ndi mpata umenewu.

Chachinayi ndicho chachikulu. Palibe lipoti mwa atatuwa limene linagawa odwala m'magulu awiri kuti lione ngati odziwa msanga amakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo. Zingaoneke ngati zodziwikiratu kuti amatero, koma mbiri ya khansa ina ikuchenjeza. Mu 2010 magazini ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa Gordon Rustin ndi anzake pa khansa ya thumba la mazira mwa amayi. Amayi 529 amene chizindikiro cha CA125 chinakwera m'magazi mwawo anagawidwa pawiri. Gulu lina linayamba mankhwala mwamsanga, lina linadikira mpaka matenda ataonekera. Loyambalo linatsogola ndi miyezi 4.8, koma nthawi yokhala ndi moyo inali yofanana, miyezi 25.7 ndi 27.1, ndipo oyamba msangawo anayamba kale kuvutika ndi mankhwala.

Khansa ya m'kamwa ikusiyana ndi imeneyo pa mfundo imodzi yofunika: ikabwerera pamalo amodzi, opaleshoni yachiwiri imatha kuchiritsa. W. Jarrard Goodwin, atasonkhanitsa malipoti ambiri mu 2000, anapeza kuti odwala pafupifupi 39 pa 100 ochitidwa opaleshoni yotereyi pa khansa za m'kamwa, kukhosi ndi kholingo anali moyo patatha zaka zisanu. Pamenepa kudziwa msanga kungathandizedi. Koma kuthandiza kwake kuli pa opaleshoniyo, imene nthawi zambiri imafuna kuchotsa gawo la nsagwada kapena lilime, kuphimba bala ndi mnofu wochokera pena, bedi la odwala mwakayakaya ndi magazi owonjezera. Popanda zimenezi, zotsatira za magazi zimangokhala uthenga wa imfa wofika msanga.

Zizindikiro zotsika mtengo

Ena amati ngati kuyeza DNA n'kodula, pali zizindikiro zakale zimene makina wamba angayeze. Zotchulidwa kwambiri ndi SCC antigen, imene Kato ndi Torigoe anaipeza mu 1977 m'khansa ya khomo la chiberekero, CYFRA 21-1, komanso kufananitsa chiwerengero cha mitundu iwiri ya maselo oyera a m'magazi, neutrophil ndi lymphocyte. Chomalizachi n'chokopa chifukwa chimachokera pa kuyeza magazi kumene labotale ya chipatala cha boma imachita kale.

Vuto la zonsezi n'lakuti zimakwera pa zifukwa zambiri. SCC antigen imakwera pa matenda ena a khungu ndi a impso, CYFRA 21-1 pa matenda a mapapo, chiwindi ndi impso. Maselo oyera amasintha ndi malungo, chifuwa chachikulu ndi HIV, imene kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anaipeza mwa akuluakulu 8.9 pa 100 alionse m'dziko lino. Machinga ndi Balaka ndi maboma a malungo ochuluka, ndipo onse awiri anali m'gulu la maboma 11 oyambirira kulandira katemera wa malungo mu 2019. Kuwonjezera apo, anthu ambiri a mu Africa kumwera kwa Sahara amabadwa ndi mtundu wa magazi wotchedwa Duffy-null, umene umachititsa kuti maselo a neutrophil akhale ochepa munthu ali bwinobwino. Malire amene anaikidwa poyeza odwala a ku Japan, Taiwan kapena Germany sangasamutsidwe n'kuikidwa ku Ntaja osayesedwanso. Chizindikiro chimene chimalira pa malungo alionse chingatumize mabanja osauka ku Blantyre pachabe, n'kutalikitsa mzere wa amene akufunikiradi kuonedwa.

Masiku 108 panjira ya ku Blantyre

Njira yabwino yoyezera phindu la malipotiwa ndiyo kutenga masiku ochepetsetsa amene LIONESS inapeza, 108, n'kuwaika pa ulendo weniweni. Wodwala wa ku Chikweo, Ngokwe kapena Nayuchi amayambira pa chipatala chaching'ono, n'kupita ku chipatala cha boma ku Liwonde. Wa ku Utale, Phalula kapena Kalembo amapita ku chipatala cha boma cha Balaka. Chipatala chachikulu cha maboma onse awiri ndi Zomba Central, koma akatswiri a opaleshoni ya m'kamwa, nsagwada ndi khosi m'chigawo chakummwera ali ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Liwonde. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, wodwala ndi gadiyani, pa kabaza ndi minibasi. Kutsatira malangizo a ku America aja, ngakhale pang'ono penipeni, ndi maulendo asanu ndi umodzi m'zaka ziwiri, ena a iwo m'miyezi ya njala ndi ya kumunda.

Magazi akaonetsa DNA ya chotupa, ntchito imakhala itangoyamba. Sanena pomwe pali chotupacho. Ku Munich kapena ku North Carolina wodwala amajambulidwa ndi makina a PET-CT, amene zipatala za boma m'chigawo chakummwera zilibe. Pakapezeka pokayikitsa, pamadulidwa kanyama kuti kakapimidwe pa maikulosikopu. Leo Masamba ndi anzake, mu lipoti la mu 2017 mu Journal of Global Oncology, anawerengera nthawi imene zotsatira za tinyama zinkatenga ku Queen Elizabeth m'chaka cha 2010. Nthawi yapakatikati inali masiku 71. Kwa olipira okha inali masiku 5, kwa osalipira 101. Ziwerengerozi ndi zakale ndipo ntchito yopima tinyama yakula kuchokera nthawi imeneyo, labotale ya ku Kamuzu Central Hospital itatsegulidwa mu 2011. Komabe zikuonetsa kukula kwa chinthucho: sitepe imodzi yokha ya ulendowu ikhoza kumeza pafupifupi masiku onse amene choyezera chodula chapulumutsa. Ndipo kanyama komweko ndiko maziko a choyezera cha mtundu wa LIONESS. Kafukufuku wa Kelias Msyamboza ndi anzake pa odwala khansa 18,946 olembedwa m'dziko lino pakati pa 2007 ndi 2010 anapeza kuti osakwana mmodzi mwa asanu ndiwo matenda awo anatsimikizidwa ku labotale.

Chithandizo chowotcha khansa ndi makina, chotchedwa radiotherapy, chimafunika kwa odwala ambiri a khansa ya m'kamwa opaleshoni ikatha. Mpaka mu 2024 m'dziko lino munalibe makina ake, ndipo odwala ochepa okha ndiwo ankatumizidwa kunja. Chaka chimenecho chipatala cholipira cha Blantyre International Cancer Centre chinayamba kupereka chithandizochi, ndipo mu 2025 National Cancer Centre ya boma ku Lilongwe inatsegula gawo lake. Uku n'kusintha kwakukulu, koma kuchokera ku Balaka kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo chithandizochi chimatenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, wodwala akuonekera tsiku lililonse lantchito. Jane Bates ndi anzake, mu The Lancet Global Health mu 2021, anapeza kuti mabanja oposa theka amene anawatsatira ku Blantyre wachibale atapezeka ndi khansa yofika patali anawononga ndalama zopyola mphamvu zawo, ena mpaka kugulitsa katundu.

Magazi nawo ali ndi ulendo wake. Akatengedwa m'chubu wamba ayenera kupatulidwa pamakina m'maola ochepa, apo ayi maselo oyera amasweka n'kukwirira DNA ya chotupa. Machubu apadera amasunga magazi masiku angapo, koma ali ndi malire a kutentha, ndipo aliyense wodziwa dzuwa la ku Liwonde ndi Utale mu Okutobala angaone pomwe pali nkhawa. Pa mtengo, kuyeza kumodzi kwa mtunduwu ku America kumaposa madola 1,000, ndipo kumabwerezedwa kangapo pa chaka. Dziko lino limagwiritsa ntchito madola pafupifupi 40 pa munthu aliyense pa chaka pa zaumoyo. Jessica Ochalek ndi anzake, pothandiza unduna kusankha chithandizo choyenera kuperekedwa mwaulere, anawerengera mu 2018 kuti madola 61 alionse ochotsedwa pa ntchito zina amataya chaka chimodzi cha moyo wathanzi wa munthu wina. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Masiku amene magazi apulumutsa amakhala a pachala mpaka wodwala atafika pa tebulo la opaleshoni.

Mfundo imeneyi si yachilendo. Mu 1968 Wilson ndi Jungner analembera bungwe la WHO mfundo zoyendetsera ntchito younika matenda, ndipo ina mwa izo imati malo otsimikizira matenda ndi operekera chithandizo akhale alipo kale kuunikako kusanayambe.

Pomwe ochirikiza njirayi akunena zoona

Kungakhale kulakwa kunena kuti kuyeza DNA m'magazi n'kosatheka m'maboma awiriwa. Ntchito yoyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi inaonekanso ngati loto poyamba, koma lero magazi ochokera m'zipatala zing'onozing'ono amanyamulidwa pa njinga zamoto za Riders for Health kupita ku malabotale oyeza majini a kachilombo, kuphatikizapo ya Zomba Central ndi ya pulogalamu ya DREAM ku Balaka. Ofufuza za malungo a ICEMR akhala akutsatira anthu ku Ntaja ndi ku Namanolo, akutenga magazi mobwerezabwereza. Ku Kamuzu Central Hospital, Katherine Westmoreland ndi anzake anaonetsa mu 2017 kuti kuchuluka kwa DNA ya kachilombo ka Epstein-Barr m'magazi a ana odwala khansa ya Burkitt kumayenderana ndi mmene matenda akuyendera. Chitsanzo chimenechi chikuphunzitsa kuti njirayi imayenda pomwe pali chinthu chimodzi chosaka mwa odwala onse, makina alipo kale, ndipo pali mankhwala oti asinthidwe zotsatira zikabwera. Khansa ya m'kamwa ya fodya ndi mowa sikukwanitsa mfundo yoyamba ija.

Palinso chinthu china m'lipoti la Wang chimene nkhani zambiri zimachidumpha. Pa khansa ya m'kamwa, malovu anaposa magazi. Malovu safuna jakisoni kapena namwino, ndipo sadzutsa mantha amene magazi amadzutsa. Mphekesera za anamapopa zimene zinavuta m'chigawo chakummwera mu 2017 zikukumbutsa kuti kutenga machubu awiri a magazi miyezi itatu iliyonse kwa munthu wooneka wathanzi kumafuna kufotokoza kwambiri pamaso pa banja ndi mafumu. Ofufuza a m'dziko lino amene akufuna kulowa m'nkhaniyi angachite bwino kuyambira pa malovu.

Chida chimene chilipo kale

Mosiyana ndi thumba la mazira kapena mapapo, m'kamwa mumaoneka. Tochi, magolovesi ndi chala chophunzitsidwa bwino zimafika pafupifupi paliponse pomwe khansayi imabwerera. Ku Kerala m'dziko la India, Rengaswamy Sankaranarayanan ndi anzake anagawa madera 13 m'magulu awiri, ndipo m'gulu limodzi ogwira ntchito zaumoyo omwe si madokotala ankaunika m'kamwa mwa anthu m'makomo. Lipoti lawo la mu 2005 mu The Lancet linaonetsa kuti mwa ogwiritsa ntchito fodya kapena mowa, imfa za khansa ya m'kamwa zinatsika ndi 34 pa 100. Kafukufukuyu anali wosaka khansa yoyamba, ndipo m'kamwa mwa zipsera n'movuta kuposa pamenepo, choncho zotsatira zake sizingakopedwe mmene zilili. Komabe iye anayeza imfa, chimene malipoti a magazi aja sanayeze. Ku Britain nako, kafukufuku wa PETNECK2 akuyesa kuphunzitsa odwala kudziyang'ana okha n'kubwera mwamsanga akaona chachilendo, chifukwa kubwerera kochuluka kumadziwika wodwala atadandaula yekha.

Anthu oti agwire ntchito yotereyi akupezeka. Wakisa Mulwafu, dokotala woyamba wa makutu, mphuno ndi khosi wa m'dziko lino, wakhala akuphunzitsa ma clinical officer ntchitoyi, ndipo kafukufuku wake wa ku Thyolo wa mu 2017 anaonetsa kuti alangizi a zaumoyo akhoza kuphunzira kuzindikira matenda a makutu n'kutumiza odwala. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku College of Medicine mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow pa ntchito ya MalDent, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Mu 2023 dziko lino linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya. Zonsezi ndi maziko oti ntchito yotsatira odwala iimepo.

Kafukufuku amene akufunika

Kwa ofufuza ndi ophunzira a Kamuzu University of Health Sciences, malipoti atatuwa akusiya mafunso oti ayankhidwe motsatizana. Loyamba ndi losavuta ndiponso lotsika mtengo: kutenga mabuku a ku Queen Elizabeth ndi Zomba Central, kupeza wodwala aliyense wa ku Machinga ndi Balaka wochitidwa opaleshoni ya khansa ya m'kamwa, n'kulondola kuti anabweranso liti, anasiyira pati ndipo chinamuletsa n'chiyani. Choyezera chilichonse, chodula kapena chotsika mtengo, chimagwira ntchito pa wodwala amene wabwera.

Lachiwiri ndi kuyesa kutsatira odwala pafupi ndi kwawo. Ogwira ntchito ku chipatala cha mano ndi ma clinical officer a ku Liwonde ndi Balaka angaphunzitsidwe kuunika m'kamwa mwa zipsera ndi kupapasa khosi, n'kutumiza zithunzi pafoni kwa akatswiri ku Blantyre. Alangizi a zaumoyo angakumbutse odwala tsiku lawo. Wodwala ndi gadiyani wake angauzidwe, m'Chiyao ndi m'Chichewa, zinthu zoti asazilekerere: chilonda chosapola pakatha masabata atatu, chotupa m'khosi, ululu watsopano wofika kukhutu, mano ogwedera popanda chifukwa, kulephera kuyasamula ndi kuwonda. Zoyeza zake zikhale masiku ochokera pa kukayikira kufika pa zotsatira za kanyama, masiku ofika ku opaleshoni, chiwerengero cha opezeka khansa ikadali yochotseka, ndalama zimene banja lataya, ndi amene ali moyo patatha zaka ziwiri.

Lachitatu ndilo la magazi ndi malovu. Mkati mwa kafukufuku wachiwiriyo, ndi chilolezo cha COMREC komanso cha odwala eni ake, tinyama, malovu ndi magazi zingasungidwe kuti zidzayezedwe pambuyo, n'kufananitsa ndi zimene zinachitikadi. Potero padzadziwika mmene zoyezerazi zimachitira mwa anthu a malungo, HIV ndi fodya wa m'kamwa, ndipo mgwirizano ndi malabotale akunja ulembedwe mooneka bwino pa za umwini wa zosungidwazo. Odwala auzidwe poyera kuyambira pachiyambi kuti zotsatirazo sizidzabwezedwa kwa iwo pa nthawiyo. Kuuza munthu wa ku Nsanama kuti magazi ake akuonetsa khansa, pomwe palibe makina oipeza kapena tsiku la opaleshoni, n'kumusenzetsa katundu amene kafukufuku sanaonetsebe kuti ali ndi malipiro.

Kwa amene khansa yawabwerera mosachotseka, chofunika mwamsanga ndi mankhwala a morphine, kutsuka bala, njira yodyera ndi wina woyankhula ndi banja, monga imachitira kiliniki ya Tiyanjane ku Queen Elizabeth. Ntchito imeneyi iyenera kuwerengedwa monga gawo la kutsatira odwala m'zipatala za maboma.

Malipoti a Wang, Chera ndi Flach aonetsa kuti chotupa chobisika chimasiya mapazi m'magazi ndi m'malovu, ndipo mtengo wowerenga majini ukutsika chaka ndi chaka. Tsiku limene choyezera choterechi chidzafike pa mtengo wokwanitsika, phindu lake ku Machinga ndi Balaka lidzadalira kuchuluka kwa odwala amene akubwererabe kuchipatala ndi masiku amene kanyama kakutenga kuti kapimidwe. Zinthu ziwirizi zikhoza kuyezedwa ndi kukonzedwa ndi zida zimene zili kale ku Liwonde, Balaka, Zomba ndi Blantyre.